Ku Show ndi adzukulu: ng'ombe, fumbi ndi ndakatulo ya m'manja

Show ya mu Lusaka, chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda, imachitikira ku Showgrounds, m'mbali mwa Great East Road, pafupi ndi Manda Hill ndi Arcades. Amaikonza ndi a bungwe la Agricultural and Commercial Society of Zambia, ndipo imatha pa Tsiku la Alimi, Lolemba loyamba la Ogasiti. Ambuya ambiri amatenga adzukulu kukaona ng'ombe ndi mathirakitala. Zimene talemba pano n'za ambuya amene pagulu la adzukulu awo pali mmodzi wogontha, wolankhula chinenero chamanja.

Mwana wotereyu kawirikawiri amangokokedwa dzanja tsiku lonse. Anzake amafunsa n'kumayankhidwa, iye akuona misana ya anthu. Komatu mu Lusaka monse mulibe malo odzaza zinthu zoona ndi maso kuposa Show. Nyanga zamitundumitundu, malinunda, mawilo aatali kuposa munthu, nkhanga zamawangamawanga, zonsezi n'zopangira ndakatulo ya m'manja, ndipo pa ntchito imeneyi wogonthayo ndiye amatsogolera abale ake akumva. Kuti zimenezi zitheke, tsikulo liyenera kukonzedwa molingana ndi maso ndi manja.

Sankhani tsiku lapakati pa sabata ngati n'kotheka. Loweruka, Lamlungu ndi Lolemba lotsiriza anthu amachita kuthithikana, ndipo pa chinamtindi chotere mwana wamfupi saona manja anu. Fikani m'mawa zipata zikangotsegulidwa, ziweto zikudya ndi kusambitsidwa, poti masana zambiri zimangogona. Maola atatu kapena anayi ndi okwanira kwa mwana wosakwana zaka 10. Mtengo wolowera umalengezedwa Show isanayambe. Tengani ndalama zapamanja zing'onozing'ono, chifukwa anthu akachuluka netiweki imalemera ndipo mobile money imatha kukanika muli kale pamzere. Minibasi zopita ku Chelstone ndi Kaunda Square zimadutsa mu Great East Road. Mukatsikira tsidya lina, wolokani pa mlatho wa oyenda pansi wa pa Manda Hill. Poyenda m'mbali mwa msewu, wogonthayo akhale mbali yakutali ndi magalimoto. Hutala saimva.

M'mawa wa Ogasiti kumazizira, masana dzuwa limawomba, ndipo mphepo imaulutsa fumbi tsiku lonse. Mwana avale juzi yovula mosavuta ndi chipewa cha mtundu wowala choonekera patali. Magolovesi ayi, juzi ya mikono yaitali yophimba zala ayinso. Inu ambuya valani malaya a mtundu umodzi, chitenje cha maluwa chikhale cha m'chiuno, chifukwa zala zimasochera m'maso zikamayenda patsogolo pa nsalu yamaluwamaluwa. Magalasi akuda asiyeni kunyumba. Nsidze ndi maso ndi mbali ya chinenerochi, ndiye mukaziphimba mwana sadziwa ngati mukufunsa, mukuletsa kapena mukuseka.

Manja anu akhale opanda katundu. Chikwama chikhale chakumsana, osati chakumanja, ndipo m'menemo mukhale madzi okwana lita imodzi pa mwana aliyense, sopo, kansalu, mafuta odzola ndi kope lolembamo ndi pensulo. Kumugwira dzanja mwana wogontha kwa nthawi yaitali n'kumuletsa kulankhula. Podutsa pothithikana mugwireni ndithu, koma mukangofika poyera mutayeni, kapena agwire lamba wa chikwama chanu. Zingakhale bwino mutatenga wamkulu wina, mwina mdzukulu wachinyamata, woyang'anira ana akumva aja ndi kuona njira, popeza anthu awiri akamalankhulana ndi manja akuyenda, saona zingwe za matenti ndi ngalande.

Nkhani ya kusowa kwa mwana iganizireni musanatuluke pakhomo. Zolengeza za pa masipika, zoti mwana wakuti apite pakuti, kwa iye n'zopanda ntchito, ndipo kufuula dzina lake n'kudzivutitsa. Lembani kakhadi kokhala ndi dzina lake, nambala ziwiri za foni ndi mawu akuti ndi wogontha, amalankhula ndi manja, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi. Kaikeni m'kapepala kapulasitiki, m'thumba lotseka ndi zipi. Mujambuleni pa foni m'mawa atavala kale, kuti mukhale ndi choonetsa apolisi. Mukangolowa, sankhani chinthu chachitali chosasuntha, chooneka kulikonse, chokumanirapo mukasowana, mupite naye mpaka achigwire, ndipo mugwirizane chizindikiro chake. Muuzeni kuti akasochera ayambe waima pomwe aliri, asathamange; akaona wapolisi kapena mlonda wa yunifolomu amuonetse kakhadi kaja.

Ngati amavala makina othandiza kumva, tengani mabatire ena. Kukula kwake kumadziwika ndi nambala ndi mtundu wa kapepala komata: 10 ndi kachikasu, 312 kabulauni, 13 kaolenji, 675 kabuluu. Mukamatula kapepalako dikirani mphindi imodzi kuti mpweya ulowe, ndiye muike batire m'makina. Mukaliika nthawi yomweyo limatha kuoneka ngati lakufa. Fumbi limatseka timabowo ta maikolofoni, choncho madzulo pukutani ndi kansalu kouma kapena kaburashi kofewa, osati madzi. Pafupi ndi masipika a oimba makina amenewa amakweza phokoso lonse pamodzi, mwana n'kuyamba kumva mutu. Akafuna kuvula, musamukakamize; ikani m'kabokosi kake m'chikwama. Mukamugulira baluni, imangeni ku chikwama osati padzanja. Baluniyo ili ndi ntchito inanso: akaigwira ndi zikhatho ziwiri pamene gulu la oguba likuimba ng'oma, amamva kugunda konse m'manja mwake.

Yambirani ku makola a ziweto. Kumeneko tcheru chikhale chambiri, chifukwa woweta akafuula kuti patukani, kapena thirakitala ikamabwerera chammbuyo, mwanayo sadziwa kanthu. Asaime kumbuyo kwa ng'ombe kapena hatchi, asalowetse dzanja pakati pa zitsulo. Akagwira mbuzi kapena kalulu asambe m'manja ndi sopo asanadye, pakuti majeremusi otsegula m'mimba amakhala pa ubweya ndi pa zitsulo za khola, ndipo mwana wolankhula ndi manja amagwira pakamwa ndi pamasaya pafupipafupi. Pomuitana mugwireni paphewa kapena gwedezani dzanja pomwe akuona. Kumugenda ndi kamwala kapena kumukoka chibwano n'kumunyoza.

Pali cholakwa chimene akulu akumva amachita osazindikira: kuloza chinthu kwinaku akufotokoza. Mwana wakumva amayang'ana ng'ombe khutu likumva ambuya. Wogontha ali ndi maso okha, ndiye sangaone ziwiri nthawi imodzi. Lozani, muyembekeze aone mpaka akhutire, akakutembenukirani m'pamene mulankhule. Imani dzuwa likuwalira nkhope yanu; likakhala kumbuyo kwanu iye amangoona mthunzi. Ndipo musadalire kuti awerenga milomo. Pamilomo, bowa ndi mowa sizisiyana, pano ndi mano chimodzimodzi.

Pa khola lililonse khalanipo mphindi zisanu kapena kuposa, mukufunsa mafunso atatu ndi manja: chikuoneka bwanji, chikuyenda bwanji, chikuganiza chiyani. Ng'ombe ya mtundu wa Brahman ili ndi linunda lalikulu, makutu olendewera ndi khungu logwedezeka pansi pa khosi. Barotse ya kumadzulo ili ndi nyanga zazitali zotambasuka. Angoni ya kwathu kum'mawa ndi yaing'ono, ya nyanga zazifupi. Friesian ndi yamawanga akuda ndi oyera, ya bere lalikulu. Mbuzi ya Boer thupi ndi loyera, mutu wofiirira. Mwana asangopanga chizindikiro cha ng'ombe n'kupita. Aonetse ng'ombe imeneyi, yobzikula nsagwada zikupita chammbali, yoyang'ana anthu monyong'onyeka, yoingitsa ntchentche ndi mchira. Ndakatulo imayambira pamenepo.

Tsopano za mapangidwe ake. Chinenero chamanja cha ku Zambia si Chinyanja choikidwa m'manja. Ndi chinenero pachokha, cha malamulo ake, ndipo mwana wogontha wa banja lachibemba ndi wa banja lachichewa amamvana nacho. Sichifanananso ndi cha ku Britain kapena cha ku America, ngakhale zizindikiro zina n'zofanana ndi za ku America, choncho mavidiyo a pa YouTube muziwaonera luso osati kukopera zizindikiro. Mu 1960 William Stokoe, mphunzitsi wa pa koleji ya ogontha ya Gallaudet ku Washington, anaonetsa kuti chizindikiro chilichonse chili ndi zigawo: kaumbidwe ka dzanja, malo amene dzanja lili, ndi kayendedwe kake. Akatswiri ena anawonjezerapo kumene chikhatho chayang'ana ndi zimene nkhope ikuchita. Wolakatula ndi manja amasewera ndi zigawo zisanu zimenezi. Clayton Valli, mlakatuli wogontha wa ku America, ndiye anafotokoza bwino kuti kubwereza kaumbidwe kamodzi ka dzanja, kapena malo amodzi, kumagwira ntchito yomwe kufanana kwa mawu kumagwira mu ndakatulo yolankhulidwa.

Kwa ife zimenezi si zachilendo kwenikweni. Alakatuli athu amadalira kubwereza ndi mvekero: ng'ombe yaima nji, fumbi lachita koboo, anthu angoti kakasi. Mvekero za m'manja zili pankhope ndi pa liwiro. Masaya otupa ndi chinthu chonenepa, milomo yofinya ndi maso otsinzinira ndi chinthu chaching'ono, dzanja loima mwadzidzidzi ndi nji uja. Ambuya amene amadziwa kusimba nthano ali nalo kale luso limeneli, kungoti amalisiya m'mawu.

Njira yosavuta kuyamba nayo ndi ya kaumbidwe kamodzi. Sankhani nkhonya. Ana atchule zonse zimene aona ku Show zotheka kuonetsa ndi nkhonya osatambasula chala: kugwira chiwongolero cha thirakitala, kukoka chingwe cha nkhunzi yokana kuyenda, kukama mkaka nkhonya ziwiri zikusinthana, nsagwada za ng'ombe nkhonya ina pamwamba ina pansi zikupera, kugwiritsa chitsulo pa choseweretsa chozungulira, kutikita m'maso tulo tikabwera. Zikakwana zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zisanjeni kuti zikhale ndi chiyambi ndi mathero, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ntchito yaikulu ili pa kulumikiza. Nkhonya zisabwerere m'chiuno pakati pa chithunzi ndi chinzake. Chiwongolero chisanduke chingwe manja ali m'malere momwemo, chingwe chisanduke mawere a ng'ombe. Kusandulika kumeneku ndiko kumene ogontha amakuyamikira. Popanda iko, mwangotchula mndandanda wa zinthu.

Kaumbidwe kena kokondedwa ndi ana ndi kotulutsa chala chachikulu ndi kachala kakumapeto, zina zitatu zitapinda. Pamphumi ndi nyanga, pakhutu ndi foni ya ambuya, pakamwa ndi botolo la maheu, m'mwamba ndi ndege. Nyanga za Barotse zimayambira pamphumi n'kupita kutali m'mbali, za Angoni zimangotuluka pang'ono n'kuima. Kusiyana kwa kayendedwe kokhako kumaseketsa anthu.

Njira yachiwiri ndi yowerenga kuyambira 1 mpaka 5, nambala iliyonse n'kukhala chithunzi. Chala chimodzi, cha mkombaphala, choimirira, ndi mwana akulowa pachipata yekha. Zala ziwiri zoloza pansi ndi miyendo yake, kenako zitembenuke zikhale maso akuyang'ana uku ndi uku. Zitatu ndi phazi la nkhuku likupalasa. Zinayi, manja onse awiri atagona chopingasa, ndi zitsulo za khola, mwana akusuzumira pakati. Zisanu ndi mphepo yobweretsa fumbi, ndi khamu likusefukira. Akazolowera, abwerere kuchoka pa 5 kufika pa 1, khamu lichepe mpaka atsale yekha. Ndakatulo yotere imatenga masekondi 30 kapena 40, ndipo ana akumva amaiphunzira msanga chifukwa nambala zimawakumbutsa chotsatira.

Yachitatu ndi yovuta koma ndiyo yokoma: kusinthana mbali. Mwana akhale iye mwini, maso kumwamba, akuyang'ana nkhunzi. Kenako apotoze mapewa pang'ono, maso pansi, akhale nkhunziyo ikuyang'ana kamwana. Mawu safunika, mapewa ndi kumene maso ayang'ana n'zimene zimauza oonera kuti tsopano akulankhula ndani. Chovuta n'chakuti ana amaiwala mbali. Ngati nkhunzi aiika kumanja, ikhale kumanja mpaka mapeto. Ikapezeka kumanzere popanda kuonetsa kuti yayenda, oonera amaganiza kuti ng'ombe zilipo ziwiri. Angawonjezere kuyandikira ndi kutalikira monga amachitira ojambula mafilimu: poyamba thupi lonse ndi ng'ombe, kenako ng'ombeyo ichepe ikhale dzanja limodzi likuyenda patali m'bwalo, kenako nkhope yonse ikhale diso lake likuphethira.

Za liwiro: sankhani kagundidwe n'kukasunga. Zithunzi zitatu zofulumira, chachinayi chochedwa n'kuimitsidwa kwa masekondi awiri, n'kubwerezanso choncho. Manja awiri akamachita zofanana mbali zonse, ndakatulo imaoneka yodekha. Dzanja lina likaima lina likuyenda, maso a oonera amapita pa loyendalo, ndiye loimalo lisunge chithunzi chakale, monga khola, osati kungolendewera. Poyamba ndi pomaliza manja atsike pansi n'kukhala chete kamphindi, kuti anthu adziwe kuti yayamba kapena yatha. Ogontha amaombera m'manja pokweza manja m'mwamba n'kumagwedeza zikhatho, ndipo abale akumva aphunzitsidwe zimenezo.

Chimene chimawononga kwambiri ndi kulemba kaye ndakatulo m'Chinyanja kapena m'Chingerezi n'kumafuna chizindikiro cha liwu lililonse. Zotuluka zake zimakhala zolemera, zopanda kukoma kwa chinenero chilichonse mwa ziwirizo. Yambirani pa zithunzi. Mu kope lija jambulani timabokosi, kabokosi kalikonse chithunzi chimodzi ndi muvi woonetsa kopita dzanja. Kulemba zilembo ndi zala kuchepe. Kumadula kayendedwe, ndiye kusungireni dzina la munthu kapena la malo. Cholakwa china ndi nkhope youma, ndipo ichi n'cha akulu, amene amachita manyazi kutupitsa masaya pagulu. Chinanso ndi m'bale wakumva amene amalankhula mokweza pamene mnzake akulakatula, anthu n'kumayang'ana wolankhulayo. Womasulira ngati alipo anene mutu wake ndakatulo isanayambe, kenako akhale chete.

Ena mwa ambuya anakula akumva kuti mwana akazolowera manja sadzalankhula. Maganizo amenewa anafala pambuyo pa msonkhano wa aphunzitsi ku Milan, m'dziko la Italy, mu 1880, umene unagamula kuti ana ogontha aziphunzitsidwa ndi pakamwa osati ndi manja, ndipo anawononga maphunziro a mibadwo yambiri. Chinenero chamanja sichiletsa mwana kuphunzira kulankhula kapena kuwerenga. Chimene chimabweza mwana m'mbuyo ndi kukhala zaka zoyambirira wopanda chinenero chilichonse.

Malo oyeserera ku Show komweko asakhale pakati pa njira. Pezani mthunzi kumbuyo kwa masitandi, mukhale mozungulira kuti aliyense aone manja a mnzake, ndipo muyambe mwadya kaye. Vitumbuwa, chipisi ndi michopo zimasiya mafuta m'zala, fumbi n'kumamatira, ndiye kansalu ndi sopo zija zigwire ntchito. Mphindi khumi n'zokwanira. Maso amatopa msanga kuposa makutu, ndipo mwana akayamba kuyang'ana kumbali kapena kutikita m'maso, lekani. Zotsala mukamalizira kunyumba, koma osati usiku magetsi atazima monga timachitira ndi nthano. Mumdima wogontha amatsala yekha. Khalani panja dzuwa lisanalowe, kapena ikani nyali ya sola patsogolo pa wolakatulayo, pamwamba pang'ono, kuti iwalire nkhope ndi manja.

Pojambula vidiyo, foni igone chopingasa, chifukwa ikaimirira nyanga za Barotse zija zimatuluka kunja kwa chithunzi. Imani pa mtunda wa mita imodzi ndi theka kapena awiri, chithunzi chiyambire m'chiuno mpaka pamwamba pa mutu ndi mpata wa chikhatho chimodzi, ndipo m'mbali musiye malo oti zigongono zitambasuke. Dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula, kumbuyo kwa mwana kukhale khoma kapena tenti ya mtundu umodzi. Tsamiritsani foni pa chinthu chosagwedera, osayandikitsa kapena kutalikitsa chithunzi ali mkati. Powala pang'ono zala zothamanga zimaoneka mbuu. Ngati foni ili ndi 60 fps, kutanthauza zithunzi 60 pa sekondi, sankhani imeneyo. WhatsApp imafinya vidiyo mpaka zala kusaoneka bwino, choncho itumizeni ngati document. Musanaike pa Facebook funsani makolo ake, ndipo mwanayo aione n'kuvomera.

Ambuya akumva angathandize kusanja zithunzi, koma oweruza ngati ndakatulo yakhala bwino ndi ogontha akuluakulu. Mu Lusaka muli bungwe la Zambia National Association of the Deaf, ku Munali kumaphunzira ana ogontha, ndipo a kum'mawa amaidziwa sukulu ya Magwero pafupi ndi Chipata. Vidiyo ija ionetseni kwa mphunzitsi kapena wamkulu wogontha, akonze zizindikiro zimene mwapotoza ndi kumupatsa mwana zenizeni za ku Zambia pamene munangopeka. Tsiku la zinenero zamanja padziko lonse ndi 23 Seputembala, ndipo linayamba kukumbukiridwa mu 2018. Kuchokera pa Tsiku la Alimi pamakhala milungu pafupifupi isanu ndi iwiri, yokwanira kuyeserera kawiri pa mlungu kuti mwana akaionetse kusukulu kapena kutchalitchi.